Mlonda ndiye amayamba kumangidwa

Malume anga anagwira ntchito ya ulonda zaka zambiri pa sitolo ina ya zipangizo zomangira nyumba ku Blantyre. Ankanyamuka dzuwa litapendeka, atavala chijasi chofika m'mawondo, chibonga kumanja, botolo la tiyi wopanda mkaka m'thumba. Usiku wina, ine ndili Sitandade 6, anamva malata akulira kuseri kwa sitoloyo. Anaimba wezulo, alonda anzawo anathamangirako, akuba n'kuthawa ndi matumba ochepa chabe a simenti. Kutacha, iwo eni ndi amene anapita kupolisi kukanena. Sanabwereko tsiku limenelo. Anagona m'chitokosi masiku anayi, ndipo funso limene ankawabwerezera linali limodzi: "Inu bambo, munadziwa bwanji kuti akuba alowera kuseri?"

Atatuluka, mayi anga anawaphikira phala, n'kuwauza mawu amene mpaka lero ndimawamva m'makutu: "Achimwene, mukanangogona."

Pano ndimakhala ku Atlanta, m'chigawo cha Georgia ku America, ndipo kaya n'zoyendera magazi, nanenso ndine mlonda wa usiku. Ndili ndi yunifolomu yosita, wayilesi ya m'manja ndi makamera oonera pa kompyuta, koma ntchitoyo ndi yomweyo ya malume: kukhala maso pamene eni chuma ali mtulo. Tsiku lopuma ndimakonda kukakhala ku Centennial Olympic Park, pafupi ndi kasupe wa mphete zisanu pamene ana amasewera ndi madzi. Pamenepo ndimaganiza za mlonda mnzanga amene sindinamuonepo, Richard Jewell.

Mu 1996 kwathu kunalibe wayilesi ya kanema yathuyathu, paja TVM inadzayamba mu 1999. Za bomba limene linaphulika m'pakiyi pa masewera a Olympics a chaka chimenecho tinangomva pa wayilesi, mawa lake n'kuiwala. Nkhani yonse ndinadzaidziwa nditafika kuno.

Usiku wa pa 26 July, kulowa pa 27, pakiyo inadzaza ndi anthu oonera oimba. Jewell, wa zaka 33, ankalondera nsanja ya magetsi ndi zokuzira mawu. Anaona chikwama chobiriwira cha kumsana chili pansi pa benchi, mwini wake osaoneka. Anaitana wapolisi amene anali pafupi, akatswiri atasuzumira anaona mapaipi ndi mawaya, ndipo Jewell ndi apolisiwo anayamba kusuntha anthu. Cha m'ma 1:20 chinaphulika. Munali mapaipi atatu a onga ndi misomali yambirimbiri. Alice Hawthorne, mayi amene anabwera ndi mwana wake wamkazi kudzasangalala, anafa. Wojambula wa ku Turkey, Melih Uzunyol, anagwa ndi nthenda ya mtima akuthamangira pamalopo, osadzukanso. Ovulala anali 111. Palibe amene amatsutsa kuti pakanapanda mlonda uja, maliro akanachuluka.

Bomba lisanaphulike, munthu wina anaimba 911, nambala yoitanira apolisi pangozi, pa foni ya m'mbali mwa msewu, kunena kuti m'pakimo muli bomba ndipo kwatsala mphindi 30. Uthengawo unachedwa chifukwa wolandira foni sankaipeza adiresi ya pakiyo mu kompyuta, poti inali yatsopano. Foni imeneyi tibwererakonso.

Kwa masiku atatu Jewell anali ngwazi. Ankamuitana pa kanema, iye n'kumayankha mwamanyazi kuti anangogwira ntchito yake. Pa 30 July nyuzipepala ya Atlanta Journal inatuluka ndi mutu waukulu wakuti a FBI akukayikira kuti "ngwazi" ija ndi imene inatchera bomba. Wina mkati mwa ofufuzawo anali atanong'oneza atolankhani.

Kwa amene simukhala kuno: apolisi ku America ali m'magulumagulu. Pali a mzinda, a dera, a chigawo, kenako a boma lalikulu la ku Washington. FBI ndi ya boma lalikululo, ndipo milandu ya uchigawenga imagwera m'manja mwake, kaya chigawengacho chachokera kunja, kaya ndi mwana wa m'nyumba momwemo. Mbiri yake ndi yakuti ikakuloza chala ndiye kuti yaona kena kake. Nchifukwa chake dziko lonse linakhulupirira tsiku lomwelo.

Sindikufuna kunama kuti kumukayikira kunalibe poyambira. Pa Olympics ya ku Los Angeles mu 1984, wapolisi wina anatchera yekha bomba pa basi ya timu ya Turkey, n'kulipeza yekha kuti atamandidwe. Komanso mkulu wa koleji imene Jewell anagwirako ntchito kale anaimbira a FBI, kuwauza kuti mnyamatayo anali wojijirika, wokonda kudzionetsa ngati wapolisi. Ofufuza aliyense wanzeru amayamba wafunsa munthu amene wapeza chinthu. Ngakhale apolisi amene anagwira malume sanalakwe pofunsa. Cholakwika chinali zimene anachita ndi funsolo.

A FBI anamuitana Jewell ku ofesi yawo pomuuza kuti akujambula filimu yophunzitsira apolisi, ndiye akufuna iye awathandize monga katswiri. Munthu amene moyo wake wonse ankalakalaka upolisi anapita mokondwa. Kamera ili mkati mojambula, anamupatsa pepala loti asayine kuti akulolera kuyankha mafunso popanda loya, ngati kuti ndi mbali ya sewerolo. Apo m'pamene anatulukira kuti nyama imene akuisaka ndi iyeyo, n'kuimbira loya.

Ankakhala ndi mayi ake pa fulati ina mumsewu wa Buford Highway, msewu womwewu umene ife obwera timakagulako ufa ndi nsomba zouma. Ndikamadutsa ndimayesa kuona m'maganizo mwanga magalimoto a atolankhani atandanda usana ndi usiku, makamera ataloza zenera la mayi wachikulire. Apolisi anasecha nyumbayo dziko lonse likuonera. Anatenga mfuti zake, tsitsi la m'mutu mwake, galimoto yake, mpaka makontena a pulasitiki a kukhitchini kwa mayi ake ndi matepi awo a vidiyo. Akatuluka, magalimoto ankamulondola. Anthu oseketsa pa kanema ankamunyoza za kunenepa kwake, ndi zoti bambo wamkulu akukhalabe ndi amake.

Nanga foni ija? Anthu atayeza mtunda wochoka pa nsanja kukafika pa foni imene inaimba 911, zinaoneka kuti Jewell sakanatha kukaimba n'kubwerera pa nthawi imene anthu anamuona ali pantchito. Munthu ukanayembekeza kuti nkhani yathera pompo. Ayi, ofufuzawo anangoti ndiye kuti anali ndi mnzake. Umu ndi mmene kukayikira kumachitira kukalowa m'mutu mwa munthu wa mphamvu. Umboni wokutsuka umasanduka umboni wakuti ndiwe wochenjera.

Zinatenga masiku 88. Pa 26 October 1996 loya wa boma Kent Alexander anapereka kalata yonena kuti Jewell sakufufuzidwanso. Sanamangidwepo, sanaimbidwepo mlandu uliwonse, ndipo m'kalatamo munalibe mawu opepesa. Chaka chotsatira nduna ya zachilungamo, Janet Reno, inanena poyera kuti ikumva chisoni ndi kuululika kwa dzina lake.

Kuntchito kwanga kuli madala awiri amene sagwirizana pa chilichonse. Wina ndi wakuda wobadwira muno mu Atlanta, wina ndi mzungu wa kumapiri a kumpoto kwa Georgia. Mavoti awo ndi osiyana, matchalitchi osiyana, ngakhale khofi samwa wofanana. Usiku wina nditatchula za Jewell, onse awiri anapukusa mutu nthawi imodzi. Ndinadabwa kuti pa nkhani ya FBI pokha m'pamene amakumana, ngakhale aliyense amafikapo ndi njira yake.

Mdala wakudayo anayamba ndi Martin Luther King, amene tchalitchi chake cha Ebenezer chili mumzinda muno, pa Auburn Avenue. Kuyambira 1956 mpaka 1971, pansi pa mkulu wake J. Edgar Hoover, FBI inali ndi ntchito yachinsinsi yotchedwa COINTELPRO, yosokoneza magulu amene inkawaona ngati oopsa. Mu 1964 anatumizira King phukusi la tepi imene anamujambula mobisa, pamodzi ndi kalata yopanda dzina yomunyoza, imene iye anaimva kuti ikumuuza kuti adziphe. Pa 4 December 1969 apolisi a ku Chicago anawombera Fred Hampton, mtsogoleri wa zaka 21 wa Black Panthers, gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda, ali pabedi. Mapu a nyumba yake anajambula ndi kazitape wa FBI amene anali m'gulu lomwelo. Masiku amenewo munthu akanena kuti boma likumvetsera mafoni ake, anzake ankamuyesa wozungulira mutu. Wamisala anaona nkhondo. Zinadzaululika chifukwa pa 8 March 1971, usiku umene dziko lonse linali kalikiliki ndi nkhonya za Muhammad Ali ndi Joe Frazier, anthu wamba anathyola ofesi yaing'ono ya FBI m'tauni ya Media ku Pennsylvania, n'kutumiza mapepala ku nyuzipepala. Mu 1975 komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate yotsogozedwa ndi Frank Church inafukula zotsalazo. "Anatiuza okha?" anandifunsa mdalayo. "Mpaka akuba anachita kulowererapo."

Mzungu uja samutchula King. Iye amayambira ku Ruby Ridge, ku Idaho, mu August 1992. Randy Weaver, munthu wa maganizo a tsankho amene anasamukira kuphiri ndi banja lake, anagulitsa mfuti zodulidwa kwa kazitape wa boma, kenako sanakaonekere kukhoti. Apolisi a boma atamuzembera, panabuka kuwomberana. Anafa wapolisi William Degan, ndi mwana wa Weaver wa zaka 14, Sammy. Mawa lake katswiri wowombera wa FBI anapha mkazi wa Weaver, Vicki, ataima kuseri kwa chitseko, mwana wa miyezi 10 ali m'manja. Mu 1995 boma linalipira banjalo madola 3.1 miliyoni. Patangopita miyezi ingapo chichitikireni za Ruby Ridge, kunabwera za Waco ku Texas. Pa 28 February 1993 apolisi a ATF, oona za mfuti, anakathira nkhondo pamalo a mpingo wa Branch Davidians wa David Koresh. Anafa apolisi anayi ndi a mpingo asanu ndi mmodzi. FBI inazinga malowo masiku 51, ndipo pa 19 April nyumbayo inapsa, anthu 76 n'kufera momwemo, ana ambiri ali m'gulu.

Mpaka apa ndimawamvetsa onse awiri. Koma mzunguyo saimira pamenepa. Amapitirira mpaka kunena kuti bomba la ku Oklahoma City linatcheredwa ndi boma lomwe, ndipo apa ndimasiyana naye. Pa 19 April 1995, zaka ziwiri ndendende chipsereni nyumba ya ku Waco, Timothy McVeigh anaimika lole yodzaza ndi feteleza wosakaniza ndi mafuta kutsogolo kwa nyumba ya maofesi a boma. Anapha anthu 168, mwa iwo ana 19, ambiri a iwo ali ku sukulu ya mkaka m'nyumba momwemo. Iye mwini anavomera, n'kunena kuti ankabwezera za Waco ndi Ruby Ridge. Kulakwa kwa boma sikusandutsa mdani wa boma kukhala munthu wabwino, ndipo ana aja sanazinge nyumba ya aliyense.

Komabe ndikamufunsa mnzangayo chifukwa chimene sakhulupirira zimene ofufuza anapeza, yankho lake limandisowetsa chonena. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi FBI inkakana kuti sinagwiritse ntchito chilichonse choyaka pa tsiku lomaliza ku Waco. Mu 1999 inavomera kuti inaponya zipolopolo zingapo za utsi wokhetsa misozi za mtundu wotha kuyatsa moto. Kafukufuku wa John Danforth mu 2000 anapeza kuti zipolopolozo zinaponyedwa maola angapo moto usanayambe, ndipo motowo anayatsa ndi a mpingowo. Ine ndimakhulupirira zimenezo. Koma ndani anamvetseranso? Bodza laling'ono lija, limene analinena poopa manyazi, linadya choonadi chachikulu. Ngakhale pa mlandu wa McVeigh, kuphedwa kwake mu 2001 kunachedwa ndi pafupifupi mwezi umodzi chifukwa zinadziwika kuti FBI sinapereke kwa maloya ake masamba zikwi zingapo a umboni. Munalibe chomutsuka m'masambawo, koma kwa munthu wokayikira kale, imeneyo inali nkhuni pamoto. Chikakuluma chakuda umaopa khala.

Ife Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Mu May 1983 tinauzidwa kuti Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Anthu ankangoyang'anana, pakamwa atatseka. Patapita zaka zoposa khumi, komiti yofufuza ya Justice Mtegha inapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Kuyambira pamenepo, munthu wotchuka akafa pamsewu, funso loyamba pamaliro limakhala lakuti, "Ndi ngozi yeniyeni koma?" Nthawi zambiri imakhaladi ngozi, matayala otha ndi misewu yokumbika. Koma amene anatiphunzitsa funsolo ndi boma lomwe. Sindikufananitsa ulamuliro wa chipani chimodzi ndi America, kumene nyuzipepala ndi makhoti zimatha kukoka zinthu n'kuziika poyera. Ndikungoti bala lake ndimalizindikira.

Pali chinanso chimene chimakolezera kukayikiraku masiku ano. Malamulo a boma lalikulu amafotokoza tanthauzo la uchigawenga wa m'dziko momwemo, koma palibe mlandu wa dzina limenelo umene munthu angaimbidwe pawokha. Komanso kulankhula zachidani kuno si mlandu. Ndiye ofufuza amadalira kwambiri akazitape olowa m'magulu, kumvetsera, nthawi zina n'kuthandizira mapulani mpaka afike poti munthu angamangidwe. Mu 2020 anagwira gulu limene linkakonza zoba bwanamkubwa wa Michigan, Gretchen Whitmer. Kukhoti kunadziwika kuti m'gululo munali akazitape angapo. Pa mlandu woyamba mu 2022 awiri anamasulidwa, ndipo Adam Fox ndi Barry Croft anadzapezeka olakwa pa mlandu wachiwiri. Ine sindingafune kuti apolisi adikire mpaka munthu abedwe. Koma ndikamamva kuti wa boma ndi amene ankayendetsa galimoto popita kokazonda nyumba, ndimafunanso kudziwa kuti ganizo linayambira m'mutu mwa ndani. Asilamu a kuno akhala akufunsa funso lomweli kuyambira 2001, anthu osawamvera.

Tibwerere ku chikwama chobiriwira chija. Pamene makamera onse analoza zenera la mayi a Jewell, mwini bomba anali phee. Dzina lake ndi Eric Rudolph. Mu January 1997 anaphulitsa chipatala chochotsa mimba ku Sandy Springs, kufupi ndi kuno. Mu February anaphulitsa malo achisangalalo a akazi okondana okhaokha mu Atlanta. Pa 29 January 1998 anaphulitsa chipatala china ku Birmingham, Alabama, n'kupha wapolisi Robert Sanderson ndi kuvulaza koopsa namwino Emily Lyons. Kumeneko wina anamuona akuchoka, nambala ya galimoto yake n'kulembedwa. Rudolph anathawira m'nkhalango za m'mapiri a North Carolina. Boma linalonjeza madola 1 miliyoni, linatumiza apolisi mazanamazana, agalu ndi ndege, koma zaka zisanu zinatha. Anthu ena a m'deralo ankavala malaya olembedwa mawu omulimbikitsa kuti azithawabe. Si onse amene ankakonda mabomba ake. Ambiri ankangosangalala kuona a ku Washington akuchita manyazi.

Pa 31 May 2003, usiku kwambiri, wapolisi wa m'tauni yaing'ono ya Murphy, Jeffrey Postell, wa zaka 21 komanso watsopano pantchito, anaona munthu akufufuza m'zinyalala kuseri kwa sitolo. Anamugwira poganiza kuti ndi wakuba wamba. Anali Rudolph. Ndimaseka ndekha ndikakumbukira kuti McVeigh nayenso anagwidwa ndi wapolisi wa pamsewu, Charlie Hanger, patangopita ola limodzi ndi theka bomba litaphulika, chifukwa galimoto yake inalibe nambala. Zigawenga ziwiri zoopsa kwambiri za nthawi imeneyo zinagwera m'manja mwa anthu a ntchito ngati yathuyi, oyendera kuseri kwa sitolo ndi tochi. Mu 2005 Rudolph anavomera milandu yonse, kuphatikizapo wa ku Olympics, ndipo ali m'ndende ya ADX Florence ku Colorado moyo wake wonse.

Jewell anadzapeza ntchito ya upolisi imene ankailakalaka, m'matauni ang'onoang'ono a mu Georgia. Makampani a kanema a NBC ndi CNN anamulipira kunja kwa khoti. Mu 2006 bwanamkubwa Sonny Perdue anamuthokoza pagulu chifukwa chopulumutsa anthu. Chaka chilichonse tsiku la bomba likafika, ankapita mwakachetechete kukaika duwa pamalo pamene Alice Hawthorne anafera. Anamwalira pa 29 August 2007 ali ndi zaka 44, atavutika ndi shuga ndi mtima. Mpaka lero ndimakumana ndi anthu muno mu Atlanta amene ukatchula dzina lake amati, "Si uja anaphulitsa bomba ku Olympics?"

Za malume zinatha chimodzimodzi. Simenti ija inadzapezeka kwa munthu amene ankagwira ntchito masana m'sitolo momwemo. Palibe anabwera kudzapepesa, ndipo ntchito inali itapita kale. Kumudzi anthu ena ankawatchulabe kuti aja a simenti.

Miyezi ingapo yapitayo, cha m'ma 2 koloko usiku, ndikuyendera malo oimikapo magalimoto, ndinaona chikwama chakuda chili pakona, pafupi ndi chikepe. Pakhoma pomwepo pali chikwangwani chimene chili paliponse kuno, chouza anthu kuti ukaona chokayikitsa unene. Ndinaima. Ndine wakuda, ndine wobwera, Chingerezi changa chimamveka kuti n'cha kutali, ndipo panalibe munthu wina aliyense pansanjika imeneyo. Mawu a mayi anga anabwera okha: achimwene, mukanangogona. Ndinaganiza zongodutsa, kuti achipeze wa m'mawa.

Sindinadutse. Koma ndisanagwire wayilesi ndinayamba ndayang'ana kumene kuli kamera, n'kusuntha mapazi atatu kuti izindiona bwino, manja onse ali poyera. Ndinayang'ana wotchi, n'kulemba nthawi m'kabuku kanga. Kenako ndinaitana. Apolisi anabwera awiri, anaunika ndi tochi, mmodzi n'kutsegula zipi ndi nsonga ya ndodo. Munali nsapato zothamangira, thaulo lonyowa ndi nthochi imodzi yakupsa kwambiri. Wamkuluyo anandithokoza, kenako anatulutsa cholembera n'kundipempha kuti ndimutchulire dzina langa lonse, chilembo chimodzichimodzi.